Chifukwa chake chili kumapeto kwa kalata

Kalata imene GitHub imatumiza pa imelo munthu akalankhula pa nkhani ina imatha ndi mizere iwiri ya zilembo zazing'ono, zotuwa, imene maso amaidumpha ngati mmene timadumphira mawu a kuseri kwa lisiti. Mzere woyamba umati: "Reply to this email directly, view it on GitHub, or unsubscribe." Wachiwiri umati: "You are receiving this because you were mentioned." Woyambawo ukukuuzani zinthu zitatu zimene mungachite: kuyankha pomwepo, kupita kukaona nkhaniyo pa GitHub, kapena kuleka kuilandira. Wachiwiriwo ukukuuzani chifukwa chake kalatayo yafika kwa inu. Ine ndimaona kuti munthu amene akufuna kuchepetsa makalata amenewa asathamangire kaye ku tsamba la Settings. Ayambe waphunzira kuwerenga mzere wachiwiriwu, chifukwa mabatani onse amene ali ku tsambalo ndi mayankho a funso limene mzerewu umafunsa mosatulutsa mawu: kodi chifukwa ichi n'chokwanira kuti akugogodereni pakhomo?

GitHub ndi malo a pa intaneti pamene olemba mapulogalamu a kompyuta amasunga ntchito yawo ndi kuigwirira limodzi. Inayamba mu 2008, yomangidwa pa Git, chida chimene Linus Torvalds analemba mu 2005 kuti chithandize ntchito ya Linux. Microsoft inaigula mu 2018, ndipo mu Januwale 2023 GitHub inalengeza kuti anthu oigwiritsa ntchito akwana 100 miliyoni. Ntchito iliyonse ili ndi nkhokwe yake, imene eni ake amaitcha repository kapena repo. Munthu akapeza vuto amatsegula issue. Akakonza china n'kufuna kuti eni ake achilandire amatsegula pull request. Pansi pa zonsezi pamakhala kukambirana, ndipo mawu aliwonse olankhulidwa pamenepo angathe kusanduka kalata yopita kwa anthu khumi kapena zikwi.

Pamwamba pa kalatayo pali kale chinthu chofunika kuchiona. Pamalo pa wotumiza pamaoneka dzina la munthu amene walankhula, koma adiresi yake ndi notifications@github.com. Dzina ndi la munthu, envulopu ndi ya makina. Foni ikalira n'kuonetsa dzina la mnzanu wa kuntchito, mtima umamva ngati iyeyo wakhala pansi n'kukulemberani inuyo. Nthawi zambiri si choncho. Iye walankhula pabwalo, ndipo makina atola mawu akewo n'kuwagawira aliyense amene dzina lake lili pa mndandanda. Mutu wa kalata umanena dzina la mwini nkhokwe, dzina la nkhokweyo, mutu wa nkhani ndi nambala yake, koma sunena ngati akufuna inu kapena mwangomva nawo. Thupi la kalata nalonso nthawi zambiri silinena. Muyenera kutsika mpaka pansi penipeni.

Kwathu mthenga akafika pakhomo sangotula uthenga n'kutembenuka. Amanena amene wamutuma, ndipo amanena chifukwa chake wafika pa nyumba ino osati yoyandikana nayo: ndinu malume ake a mwanayo, ndinu amene munaperekeza ukwatiwo, ndinu a komiti. Mawu akuti "because" m'mzere uja akugwira ntchito yomweyo, ndipo ndi ulemu umene makalata ambiri a makina satipatsa. Chiyambi cha chiganizocho sichisintha. Chimene chimasintha ndi mchira wake, ndipo michirayo ikaikidwa pamodzi imagawika yokha m'magulu atatu, malinga ndi amene wachita kanthu.

M'gulu loyamba wochita ndinu. "You authored the thread": ndinu munayambitsa nkhaniyi. "You commented": munalankhulapo. "You modified the open/close state": munaitseka kapena kuitsegulanso. Apa palibe chodandaula kwenikweni. Woyambitsa nkhani pabwalo sachoka anthu asanamuyankhe. Koma mawu akuti "you commented" ndi otakata kuposa mmene akuonekera, chifukwa sasiyanitsa munthu amene analemba ndime zitatu zofotokoza gwero la vuto ndi munthu amene anangodutsa n'kunena kuti nayenso zamuchitikira. Onse awiri alowa m'kaundula mofanana, ndipo adzalandira chilichonse cholankhulidwa pamenepo, ngakhale patapita zaka zinayi, pamene iwo anasiya kalekale kugwiritsa ntchito pulogalamuyo.

Kale vuto limeneli linali lalikulu kwambiri. Anthu ofuna kusonyeza kuti akugwirizana ndi pempho lina ankangolemba "+1", ndipo "+1" aliyense ankasanduka kalata kwa onse amene analankhulapo kale. Mu Januwale 2016 gulu la osamalira mapulogalamu aulere linalembera GitHub kalata yapoyera yotchedwa Dear GitHub, ndipo chimodzi mwa madandaulo awo chinali chimenechi. Mu Malichi chaka chomwecho GitHub inabweretsa tizizindikiro toika pansi pa ndemanga, monga chala chachikulu chokweza ndi mtima. Ubwino wa tizizindikiroti si kukongola ayi. Ubwino wake ndi woti sititumiza kalata kwa aliyense. Kuyambira pamenepo munthu angathe kugwedeza mutu povomereza popanda kudzutsa mudzi wonse, ndipo amene akulembabe "+1" lero akuwononga nthawi ya anzake pa chinthu chimene chili ndi njira yake yachete.

Gulu lachiwiri ndi limene lili ndi kulemera. Apa wochita si inu, ndipo chiganizo chimatembenuka: "you were mentioned", "you were assigned", "your review was requested". Mwatchulidwa, mwapatsidwa ntchito, mwapemphedwa kuti muunike zimene mnzanu walemba. Wochitayo satchulidwa m'chiganizomo, koma alipo, ndipo nthawi zambiri akudikira. Pull request imene ikudikira kuunikidwa ndi ntchito ya munthu imene yaima. Iye sangaiphatikize ku ntchito yaikulu, mwina sangayambenso gawo lotsatira, mpaka inu mutayang'ana. Kalata yotere ikakwiririka pansi pa makalata 200 a nkhani zosakukhudzani, amene wavutika si inu. Ndi iyeyo, ndipo sadziwa n'komwe kuti simunaione. Amangoona chete, ndipo chete wa munthu amene wamupempha mwaulemu amapweteka. N'chifukwa chake sindivomereza maganizo akuti kukonza makalatawa ndi nkhani ya mtendere wa mwini foni yekha. Ndi nkhani ya anthu amene akuyembekezera yankho lake.

Komabe liwu lakuti "mentioned" lili ndi vuto limene khutu la Mchewa limalimva msanga. Ife timasiyanitsa kutchula ndi kuitana. Mungathe kutchula munthu pokamba nkhani, iye ali kudimba, ndipo palibe amene angathamange kukamutenga. Kuitana n'kwina: woitanidwa amasiya khasu n'kubwera. Pa GitHub zinthu ziwirizi zili ndi chizindikiro chimodzi. Mukalemba @ kutsogolo kwa dzina la munthu, mwamuitana, kaya mumafuna kumufunsa funso kaya mumangonena kuti ndi iye anakonza mbali imeneyi chaka chatha. Ndipo kuitanako sikuthera pa kalata imodzi. Wotchulidwayo amalowa m'kaundula wa nkhaniyo, n'kuyamba kulandira zonse zotsatira. Chiganizo chikunena kuti mwatchulidwa, koma makina achita ngati mwaitanidwa ndipo mwapatsidwa mpando. Olemba odziwa bwino mwambo wa pamalopo amasiya @ akafuna kungotchula, ndipo amamuika pokhapokha akufunadi kuti munthuyo abwere.

Kukula kwa mphamvu ya kachizindikiroka kunaonekera poyera mu Juni 2022. Kampani ya Epic Games imalola anthu kuona code ya Unreal Engine akalowa m'gulu lake pa GitHub, ndipo gululo linali ndi anthu pafupifupi 400,000. Munthu wina anatsegula pull request yosintha mawu ochepa m'nkhokwe ya kampaniyo yotchedwa Signup, ndipo pofuna kuti aione msanga anatchula ndi @ dzina la gulu lonselo. Onse analandira kalata. Mzere wa pansi pa kalata yotere umati "you are on a team that was mentioned", muli m'gulu limene latchulidwa. Chiganizo chimenechi n'choona, koma taonani mmene chatalikira ndi inu: simunachite kanthu, palibe amene wakutchulani dzina, mwangopezeka m'khamu limene wina walikuwira. Chimene chinakulitsa nkhani ndi chakuti ambiri anayankha. Ena anakalipa, ena anapempha kuti awachotse, ena anauza anzawo kuti aleke kuyankha, ndipo yankho lililonse linapita kwa anthu onse aja. Masamu ake ndi osavuta: mayankho 100 okha kwa anthu 400,000 ndi makalata 40 miliyoni. Aliyense wa iwo anali ndi liwu lakuti "unsubscribe" pansi pa kalata yake, limene likanamutulutsa mwakachetechete. Koma ena anasankha liwu loyamba la mzerewo, "reply", chifukwa ndi limene dzanja linazolowera.

Pali ngozi ina yobisika m'liwu lija lakuti "mentioned". Popeza aliyense amene ali ndi akaunti angathe kutchula aliyense, akuba aphunzira kutsegula issue m'nkhokwe ina, kulembamo uthenga wabodza wa ntchito yapamwamba kapena chenjezo lakuti akaunti yanu yabedwa, n'kutchula mayina a anthu ambirimbiri. Kalata imafika kuchokera ku adiresi yeniyeni ya GitHub, choncho sefa wa makalata achinyengo amailola. Envulopu ndi yoona, koma mawu a m'kati ndi a mlendo. Apanso mzere wa pansi ndi umene ungakupulumutseni. Ngati kalata ikudzitcha chenjezo lochokera kwa eni malo, koma pansi pake palembedwa kuti mwailandira chifukwa mwatchulidwa, dziwani kuti wolembayo ndi munthu wamba amene waika @ kutsogolo kwa dzina lanu.

Gulu lachitatu lili ndi chiganizo chimodzi, ndipo ndi chimene chimadzaza mabokosi a anthu: "You are receiving this because you are subscribed to this thread." Muli m'kaundula wa nkhaniyi. Chiganizochi sichinena kuti munachita chiyani, sichinenanso kuti wina anakuchitirani chiyani. Chikungonena mmene zinthu zilili, ngati kunena kuti chitseko n'chotsegula osanena amene anatsegula. Wowerenga amadabwa: ndinalembetsa liti? Nkhani imeneyi sindinaionepo. Yankho lake nthawi zambiri ndi lakuti simunalembetse nkhaniyo payokha. Munadina Watch pa nkhokwe yonse, ndipo nkhani iliyonse yobadwa m'menemo imakupezani muli kale m'kaundula.

Mbiri ya batani limeneli ikufotokoza zambiri. Poyamba GitHub inali ndi Watch yekha, ndipo anthu ankamudina pa zifukwa ziwiri zosiyana: ena pofuna kutsatira ntchitoyo, ena pongofuna kuisunga kuti adzaipeze mawa. Mu Ogasiti 2012 zinthu ziwirizi zinalekanitsidwa. Star inakhala ya kusunga ndi kuyamikira, yosatumiza kalata. Watch inakhala ya kulandira nkhani. Mpaka lero atsopano ambiri amadina Watch pamene mtima wawo umafuna Star. Aona ntchito yosangalatsa, adina. Aona ina, adinanso. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada: pakutha kwa mwezi bokosi ladzaza ndi mikangano ya anthu osawadziwa pa mapulogalamu amene sanawagwiritsepo ntchito. Ndipo kwa zaka zambiri panalinso njira ina yolowera m'kaundula popanda kudina chilichonse: munthu akapatsidwa ufulu wolemba m'nkhokwe, GitHub inkamuika yokha pa Watch, pokhapokha atazimitsa zimenezo ku Settings. Wolowa ntchito pa kampani ya nkhokwe 80 ankatha kudzuka m'mawa ali mlonda wa zonse 80. Kwa munthu wotere chiganizo chakuti "you are subscribed" chinali choona m'mawu, koma chinkabisa chinthu chofunika kwambiri, chakuti iye sanasankhe.

Liwu lakuti "watch" palokha n'loyenera kuliganizira pang'ono. M'Chichewa tikanalimasulira m'njira zitatu, ndipo iliyonse ndi munthu wosiyana. Pali kuonerera, kwa munthu amene waima m'mbali mwa bwalo la mpira. Pali kuyang'anira, kwa munthu amene ntchitoyo ili m'manja mwake ndipo ikalakwika adzafunsidwa. Pali kulondera, kwa munthu amene safuna kumva chilichonse kupatula phokoso la ngozi. Chingerezi chaika atatuwa pa batani limodzi, koma mukalidina batanilo limatsegula zosankha zinayi, ndipo zitatu mwa izo zikufanana ndi anthu athu aja. All Activity ndi ya woyang'anira: issue iliyonse, pull request iliyonse, ndemanga iliyonse. Participating and @mentions ndi ya woonerera: akhala chete mpaka atalankhulapo yekha kapena wina atamuitana. Custom ndi ya mlonda: amasankha yekha pakati pa Issues, Pull requests, Releases, Discussions ndi Security alerts. Munthu amene amangogwiritsa ntchito pulogalamu ya ena m'ntchito yake safunikira kumva mkangano wa eni ake pa dzina la batani. Chimene amafunikira n'kudziwa pamene atulutsa mtundu watsopano. Kwa iye Releases yokha ndi yokwana, ndipo kalata imodzi pa mwezi imalowa m'malo mwa mazana.

Chachinayi ndi Ignore, ndipo ichi ndimachiopa. Sichitanthauza kuchepetsa. Chimatanthauza kuti m'nkhokwe imeneyo simudzamvanso kanthu, ngakhale wina atakuitanani ndi dzina. Woitanayo sauzidwa kuti mwatseka makutu. Amalemba @ ndi dzina lanu, dzinalo limaoneka bwinobwino pa tsamba, ndipo amadikira. Munthu wotopa ndi makalata amakopeka ndi liwu limeneli chifukwa likumveka lamphamvu, koma chimene akufuna kawirikawiri ndi Participating and @mentions, imene imatseka phokoso n'kusiya khomo lotsegukira woitana. Ignore ili ndi malo ake, monga pamene munthu akuvutitsidwa kapena dzina lake likutchulidwa molakwika mobwerezabwereza m'ntchito imene siyimukhudza. Kunja kwa zimenezo, ndi kusala anthu osawauza.

Tsopano tibwerere ku mzere woyamba uja, wa mawu atatu. Ukuoneka wosalakwa, koma liwu lililonse lili ndi chimene silinanene.

"Reply to this email directly." Liwu lakuti "directly" limapatsa chithunzi cha kuyankha munthu mmodzi, maso ndi maso. Zoona zake n'zakuti yankho lanu silipita kwa iye. Limapita ku adiresi yaitali yoyamba ndi reply+ n'kutha ndi reply.github.com, ndipo makina amalitenga n'kuliika pa nkhaniyo ngati ndemanga yanu, m'dzina lanu. Ngati nkhokweyo ndi yapoyera, dziko lonse lingaliwerenge, ndipo aliyense wa m'kaundula amalandira kalata. Ife tinaleredwa kuti kalata imayamba ndi moni, kufunsa za moyo ndi za kunyumba, ndipo imatha ndi dzina, udindo ndi nambala ya foni. Mwambo umenewu ndi wabwino, koma pano uyenera kusamala. GitHub imayesa kubisa ma adiresi a imelo opezeka m'yankho, n'kuikapo tinyenyezi, koma nambala ya foni kapena mawu amene mumaganiza kuti ndi a anthu awiri angathe kukhala poyera. Zinthu zomata pa imelo, monga zithunzi, sizifika. Ndipo adiresi yaitali ija ndi kiyi: imadziwitsa makina nkhani yake ndi akaunti imene ndemanga idzatulukire, ndipo imagwirabe ntchito mpaka mutasintha pasiwedi. Kutumizira mnzanu kalata yotere yonse yathunthu kungakhale kumubwereka pakamwa panu.

Ngakhale zili choncho, njira imeneyi ndimaikonda, ndipo ndikuganiza kuti kwa ife ili ndi phindu limene olemba mapulogalamu a ku San Francisco mwina saliganizira. Imelo ndi yopepuka. Imatsika pa foni netiweki ikangogwira pang'ono, imawerengeka magetsi atazima ndi rauta itafa, ndipo yankho limadikira m'foni mpaka netiweki itabwerera. Munthu ali m'minibasi ya ku Zomba, bandulo yatsala pang'ono, angathe kuyankha funso la mnzake wa ku Nairobi kapena ku Berlin popanda kutsegula tsamba lolemera. N'chifukwa chake malangizo akuti ingozimitsani imelo yonse muziona pa tsamba sindiwalandira msanga. Amayenera munthu amene intaneti yake siduka.

"View it on GitHub" ndi liwu loona mtima kwambiri pa atatuwo. Kalata ndi chithunzi cha mphindi imodzi. Wolemba angathe kukonza ndemanga yake pambuyo pake, wina angathe kuyankha kale funsolo, nkhaniyo ingathe kutsekedwa, koma kalata imene ili m'bokosi mwanu sisintha. Pa nkhani yolemera ndi bwino kupita kukaona musanayankhe. Palinso kanthu kakang'ono kosaoneka: m'kalatamo mumabisika kachithunzi, ndipo pulogalamu yanu ya imelo ikakatsegula, GitHub imadziwa kuti mwawerenga n'kuchonga uthengawo m'bokosi lake la pa tsamba. Amene anazimitsa zithunzi pofuna kusunga bandulo adzapeza kuti zimene anawerenga kale pa imelo zikuonekabe ngati zatsopano pa tsambalo.

"Unsubscribe" ndi liwu limene anthu amalimva molakwika mbali zonse ziwiri. Ena amaliopa, poganiza kuti likuwachotsa m'ntchito yonse. Ena amalidina n'kudabwa kuti makalata akubwerabe. Limakutulutsani m'nkhani imodzi yokhayo. Nkhokwe mukuiyang'anabe, ndipo nkhani yatsopano ikabadwa mawa idzakupezani. Komanso kutulukako si kwamuyaya: wina akakutchulaninso, kapena akapempha kuti muunike ntchito yake, mumabwerera. Ndi kunyamuka pabwalo mwaulemu, mutasiya mawu akuti mukandifuna mundiitane. Munthu amene akudina liwuli kakhumi pa tsiku akuthyola masamba a mtengo umene akanaudula patsinde. Tsinde lake lili pa github.com/watching, pamene pali mndandanda wa nkhokwe zonse zimene akuziyang'ana.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri pa kalatayi n'chakuti chiganizo cha chifukwa chija chinalembedwa kawiri, kamodzi kwa munthu ndi kamodzi kwa makina. Mukayang'ana pa Cc mudzapeza adiresi yachilendo imene si ya munthu aliyense: mention@noreply.github.com ngati mwatchulidwa, review_requested@noreply.github.com ngati akufuna muunike, assign, author, comment, team_mention kapena subscribed kutsogolo kwa mchira womwewo. M'mitu yobisika ya kalata mulinso mzere wotchedwa X-GitHub-Reason wonena chimodzimodzi, ndi wina wotchedwa List-ID wonena nkhokwe imene kalata yachokera. Tanthauzo lake n'lakuti simufunikira kutsika pansi pa kalata iliyonse ndi maso anu. Mungathe kuuza Gmail kapena pulogalamu ina kuti kalata ya mention, assign ndi review_requested izikhala pamwamba ndi chizindikiro, ndipo ya subscribed izipita m'foda yake osaliza foni. Sefa wotere amatenga mphindi zochepa kumukonza, ndipo ntchito yake ndi yomwe ija ya galamala: kulekanitsa ziganizo zimene zili ndi munthu wodikira kumbuyo kwake ndi chiganizo chimene chilibe.

Tsamba la github.com/settings/notifications likawerengedwa pambuyo pa zonsezi silisokonezanso. Lili ndi magawo awiri aakulu, la Watching ndi la Participating, ndipo pa lililonse mumasankha kulandira pa imelo, pa GitHub pomwepo, kapena ponse pawiri. Amenewa ndi magulu athu aja: Participating yatenga loyamba ndi lachiwiri, Watching yatenga lachitatu. Kwa anthu ambiri ndingalangize kuti Participating ikhale pa imelo, Watching ikhale pa tsamba lokha, kuti aziipita okha akapeza nthawi. Zina n'zazing'ono koma zothandiza. Mungazimitse makalata onena zimene mwachita nokha. Mungauze Actions, makina oyesa code, kuti azikulemberani pokhapokha mayeso akalephera. Ndipo pali Custom routing, imene imatumiza makalata a bungwe lililonse ku adiresi yake, malinga adiresiyo ikhale yotsimikizidwa, kuti za kuntchito zizipita ku imelo ya kuntchito, za ntchito zodzipereka zizipita ku imelo yanu. Munthu amene ali ndi ntchito ya masana ndi maganyu awiri a madzulo amadziwa kufunika kwa mpanda umenewu.

Koma pali malo amodzi pamene malangizo angawa sagwira, ndipo ndi pamene ndakhala ndikuganizapo kwambiri. Ndanena kuti chiganizo chakuti "you are subscribed to this thread" chilibe munthu wodikira kumbuyo kwake. Kwa woonerera n'zoona. Kwa woyang'anira si zoona ayi. Taganizani za munthu amene watsegula issue yake yoyamba m'moyo. Mwina ndi wophunzira, Chingerezi chake n'chovutikira, wakhala masiku awiri akulimbana ndi vutolo asanalimbe mtima kulemba. Sadziwa dzina la aliyense m'ntchitoyo, choncho satchula munthu. Sangapatse aliyense ntchito, sangapemphe aliyense kuti aunike. Kalata yake siidzafika kwa wina aliyense ndi mawu akuti mwatchulidwa. Idzafika kwa okhawo amene ali pa All Activity, ndipo idzafika ndi chifukwa chofooka kwambiri pa zonse, chomwe chija chimene sefa amachikankhira m'foda. Ngati osamalira onse a nkhokweyo atsatira nzeru yochepetsa phokoso, mlendoyo wanena odi pa nyumba imene aliyense watseka makutu kudikira kumva dzina lake.

Choncho pa nkhokwe zimene ndimangogwiritsa ntchito ndinasiya Releases yokha. Pa nkhani zimene ndinalankhulapo kamodzi kalekale ndinatuluka. Koma pa nkhokwe imodzi yaing'ono imene ndili m'gulu la oisamalira ndinasiya All Activity, pa imelo, ndipo ndinauza sefa kuti List-ID ya nkhokwe imeneyo asaikhudze. Makalata ake amafika pamwamba pamodzi ndi a anthu ondiitana ndi dzina. Ambiri mwa iwo ndi a anzanga akukambirana zimene sizifuna ine, ndipo ndimawadutsa msanga. Nthawi ndi nthawi pamabwera ya dzina limene sindinalionepo, yopanda "Re:" kutsogolo kwa mutu wake, ndipo imeneyo ndimaiwerenga yonse n'kuiyankha tsiku lomwelo, ngakhale yankho likhale longonena kuti taiona ndipo tiyesa kulipeza vutolo.